Kochi wa kwathu ndi wongogwirizira?

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndi wabwino, koma ukakhazikika m'mitima ya oyendetsa bungwe, umayamba kulamula momwe amaonera aphunzitsi awo, iwo eni osazindikira.

Akatswiri a zamaganizo pantchito amati munthu aliyense amayenda ndi chithunzi cha bungwe lake m'mutu. David Armstrong wa ku London adalemba buku pankhaniyi mu 2005. Wina amaona bungwe ngati kholo losayankhidwa, wina ngati munda wongokololamo. Chithunzichi sichilembedwa m'kontrakiti, koma ndicho chimasankha amene amvedwe ndi amene akayikiridwe.

Mbiri ya timu ya Flames ikuonetsa bwino zimenezi. Kinnah Phiri, mwana wa kuno, ndiye adapititsa timuyi ku mpikisano wa Afcon ku Angola mu 2010, komwe idathibula Algeria 3-0. Mu March 2021, Meke Mwase adachitanso chimodzimodzi pogonjetsa Uganda 1-0 pa Kamuzu Stadium.

Koma mpikisano wa ku Cameroon utayandikira, bungwe la FAM lidaika Mario Marinica wa ku Romania pamwamba pa Mwase. Marinica atapezeka ndi Covid-19 mu January 2022, Mwase yemweyo ndiye adatsogolera anyamata pamene adagonjetsa Zimbabwe 2-1. Chaka chomwecho adachotsedwa ntchito, ndipo nkhani idakathera kukhoti. Marinica naye adachoka mu 2023.

Izi sizikutanthauza kuti alendo alibe nzeru. Marinica adali pampando pamene Flames idalepherana ndi Senegal 0-0 n'kufika koyamba mu ndime ya matimu 16. Vuto lili pa chithunzi chobisika chija: kochi wa kwathu amaoneka ngati mwana wapakhomo wongogwirizira, pamene wakunja amaoneka ngati sing'anga wodzachiza nthenda.

Kochi wa kuno naye amakhala ndi chithunzi chake. Akamaona mabwana ngati makolo omuchitira chifundo, amaopa kufunsa za malipiro, masewero okonzekera kapena ufulu wosankha osewera. Osewera akaona kuti mphunzitsi wawo sadaliridwa kumwamba, mawu ake amapepuka pabwalo.

Nkhaniyi si ya mpira wokha. M'masukulu, m'makopaletivi ndi m'mabanki am'mudzi, mlangizi wochokera kutauni pagalimoto amamvedwa msanga, pamene wa m'dera momwemo amatengedwa ngati mnzathu wamba, ngakhale onse anene zofanana.

Mankhwala ake ndi kuulula zobisikazo ntchito isanayambe. Bungwe ndi mphunzitsi akhale pansi n'kugwirizana zomwe akuyembekezera, nthawi yomwe apatsana ndi muyeso umodzi woweruzira aliyense, kaya ndi wa ku Chilomoni kaya wa ku Bucharest. Apo ayi, bungwe lipitiriza kulipira kawiri: kulemba mlendo ndi kupepesa mwana wapakhomo.