Agogo nawonso ayenera kulandira chithandizo cha khansa

Okondedwa omvera athu a ku Fingoè, Malowera, Chiputo, Chipera ndi midzi yonse ya m'malire, m'kope lino ndikufuna tikambirane za khansa ya m'matumba a mazira, nthenda imene ikutenga amayi achikulire mwakachetechete.

Agogo anga obereka mayi anayamba kutupa mimba chaka china titangokolola. Akadya mbamu ziwiri zokha za nsima ankati akhuta. Ena pamudzi anati alodzedwa, ena anati ndi ukalamba basi. Tinagulitsa mbuzi ziwiri kulipira asing'anga. Pamene tinkafika kuchipatala patatha miyezi 7, madokotala anati nthenda yafalikira kale m'mimba. Pamsonkhano wa banja malume ena anati, "Munthu wakula kale uyu, ndalama ya chapa tiionongerenji?" Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba.

Matumba a mazira ndi awiri, ali mbali iyi ndi iyo ya chiberekero. Khansa yake imagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba. M'chaka cha 2022 amayi oposa 320,000 anapezeka nayo pa dziko lonse ndipo oposa 200,000 anamwalira. Ambiri amamwalira chifukwa imadziwika mochedwa. Zizindikiro zake ndi kutupa mimba kosaphwa, kukhuta msanga, kupweteka m'chinena, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda. Zimenezi zikapitirira masabata awiri kapena atatu, mayi apite kuchipatala. Mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi asadikire n'komwe.

Dziwaninso kuti kuyeza khomo la chiberekero kumene amayi ambiri amachita sikuonetsa khansa iyi. Imafufuzidwa ndi makina ounikira m'mimba komanso kuyeza magazi kotchedwa CA-125. Chithandizo chake ndi opaleshoni yochotsa chotupacho pamodzi ndi mankhwala olowetsa m'mitsempha, kawirikawiri carboplatin ndi paclitaxel, amene amaperekedwa pakatha masabata atatu alionse mpaka maulendo 6.

Maganizo anga ndi akuti zaka pazokha si chifukwa chomanira munthu chithandizo. Dokotala amayang'ana mphamvu za wodwala: mtima, impso, kadyedwe, ngati amatha kuyenda ndi kudzisamba yekha. Tili ndi agogo a zaka 70 amene amalima ndime yawo n'kusenza nkhuni pamutu. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi madokotala a ku France, amene anafalitsidwa mu 2021, anaona amayi ofooka a zaka 70 kupita m'tsogolo. Anapeza kuti olandira carboplatin yekha anamwalira msanga kuposa olandira mankhwala onse awiri. Ngati kuchepetsa mankhwala kokha kumafupikitsa moyo, nanga kumusiya munthu pamphasa?

Sindikukana kuti ulendo ndi wovuta. Kuchoka kuno kukafika ku Tete ndi kutali, msewu nthawi yamvula umavuta, ndipo wodwala angatumizidwenso ku zipatala zikuluzikulu za ku Beira kapena Maputo. Ena mwa ife timaoloka malire kupita ku Zambia, kumene chipatala cha khansa cha ku Lusaka chinatsegulidwa mu 2007. Kulikonse ndalama imafunika. Koma pamaliro timapeza mbuzi, ufa ndi nsalu tsiku limodzi lokha. Bwanji osasonkherana munthu akadali moyo?

Tsono nazi zimene ndikupempha. Yambirani pa chipatala chapafupi ndipo mufotokoze zizindikiro zonse osabisa. Pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Sungani mapepala onse m'pepala la pulasitiki, makamaka inu ooloka malire, kuti dokotala wa uko asayambirenso poyamba. Mayi wachikulire amachita manyazi kukamba za kumaliseche pamaso pa mwana wamwamuna kapena mkamwini, choncho amuperekeze mwana wamkazi kapena mnzake womukhulupirira. Ndipo dokotala akafotokoza, wodwalayo amve yekha ndi kusankha yekha. Tisamusankhire kuseri kwa nyumba.

Ngakhale nthenda itafika posachiritsika, chithandizo chilipobe. Agogo anga anawachotsa madzi m'mimba n'kuwapatsa mankhwala oletsa ululu, ndipo masabata awo omaliza ankagona tulo ndi kucheza ndi zidzukulu. Tikanapita msanga, mwina bwenzi akumvera wailesi ino lero.

Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa 8 May chaka chilichonse dziko limakumbukira za khansa imeneyi, koma inu musadikire tsikulo. Madzulo ano funsani amayi anu kapena agogo anu mmene m'mimba mwawo mukumvekera.