Chilembo chimodzi pa dzina la mwana

Kuno ku Kitwe munthu wa kum'mawa sachita kunena kwawo, dzina limamunenera. Ukangoti Phiri, Mbewe kapena Sakala, anzathu Achibemba ayamba kale kufunsa ngati wawatengera mbewa za ndiwo. Chimbuya chimenechi ndimachikonda, ndipo sichinandipwetekepo. Chimene chavutitsa banja lathu ndi cholembera cha kalaliki.

Ife ndife a Njobvu. Dzina ndi lalifupi, koma m'Chibemba mulibe v, ndiye anthu ambiri kuno amati Njofu. A Nkhoma amasanduka a Nkoma, a Mphande a Mpande, a Phiri a Pili. Pakamwa palibe mlandu, lilime limapita kumene linazolowera. Mlandu umayamba pamene zimene khutu lamva zalowa m'buku.

Mgodi wa Nkana utayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Nyasaland ndi kwina. Ambiri sankadziwa kulemba, choncho dzina la munthu linkakhala limene wolemba ntchito wamva tsiku limenelo. Bambo anga anabwera pambuyo pake kuchokera ku Katete. Pa khadi lawo la ntchito panalembedwa Jovu, pa reji Njovu, pa kalata ya ubatizo Njobvu. Moyo wawo wonse sanaone vuto. Atapuma pa ntchito, ofesi ina inakana kupereka ndalama zawo za penshoni, inati amene anagwira ntchito ndi wina, amene wabwera kudzatenga ndalama ndi winanso. Ndimawakumbukira ali pa mzere, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, mapepala ali m'jumbo ya pulasitiki yomanga ndi mphira, akufotokozera mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawo kuti Jovu ndi iwo omwe. Mpaka anachita kukalumbira kwa a zamalamulo kuti mayina atatuwo ndi a munthu mmodzi. Miyezi inapita, m'nyumba tikudya za ngongole.

Palinso china chimene anthu a m'maofesi sachimvetsa. Kwathu chiwongo ndi china, dzina la bambo ndi china. Achimwene anga aakulu anayamba sukulu kumudzi, ndipo aphunzitsi atafunsa dzina la bambo, anatchula dzina loyamba la bambo athu. Limenelo ndilo lili pa mapepala awo onse mpaka lero. Bere limodzi, mayina awiri. Pa nkhani ya nyumba ya masiye tinachita kuitana mboni kuti zinene kuti ndife pachibale.

Ndikudziwanso mabanja ku Wusakile ndi ku Chamboli amene anasintha okha mayina awo chifukwa cha mantha. Sindiwaweruza. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale amene makolo ake onse anabadwira muno, ndipo mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti Kenneth Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland, si nzika ya dziko limene analilamulira zaka 27. Chigamulocho chinadzathetsedwa, koma nkhalamba ya ku mgodi imene inamva nkhaniyo pa wailesi inadzifunsa kuti ngati zachitikira KK, nanga ine? Komabe dziko lomweli linadzalamulidwa ndi Rupiah Bwezani Banda, wobadwira ku Gwanda mu 1937, kenako Edgar Chagwa Lungu, wobadwira ku Ndola mu 1956, onse ndi mayina akwawo osabisa. Ngakhale komboni yaikulu ya Chimwemwe muno mu Kitwe ili ndi dzina la chilankhulo chathu. Sitili alendo pano.

Zonsezi zandibwerera chifukwa mwezi wathawu kunyumba kwathu ku Nkana West kwabadwa mwana wamkazi. Mayi ake ndi Mbemba wa ku Kasama. Apongozi anabwera kudzasamala mwana wawo, ndipo anandiuza mwaulemu koma mosapsatira kuti dzina lidikire mchombo ugwe. Pamenepo sitinasiyane, pakuti kwathunso mwana satchulidwa asanatuluke m'chikuta. Kwa iwo dzina la pamchombo limachokera kwa kholo limene linatsogola, ndipo anali atasankha kale la amayi awo, Mwansa. Azakhali anga ku Katete nawo anali ndi lawo. Anaimba foni usiku, nati mwanayu wabwera chaka chimene banja laona zambiri, akhale Masauso.

Ndinawayankha kuti, "Azakhali, mawu anu ndawamva, koma masautsowo ndi athu akuluakulu. Mwanayu sanawaone." Mayina ngati Mabvuto, Misozi ndi Masauso ndimawalemekeza, chifukwa makolo athu analibe buku lolembamo mbiri, ankailemba pa ana. Koma mwana amene azidzaitanidwa m'kalasi m'mawa uliwonse asasenze maliro a anthu ena. Azakhali anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye akhale Thokozani." Tinagwirizana pomwepo.

Amene anandivutitsa kwambiri si achikulirewa ayi, koma anzanga ophunzira. Wina anandilangiza kuti ndimpatse dzina la Chingerezi losavuta, ndipo pa Njobvu ndichotsepo b, kuti mwana asadzavutike pa kompyuta kapena akadzapita kunja. Dzina la Chingerezi si tchimo, ambiri tili nalo. Koma kudula dzina la makolo kuti wolemba asatope, zimenezo ndakana. Anthu omwewa amalemba Nkosazana, Schweinsteiger ndi Ibrahimović osalakwitsa akamakamba za ndale ndi za mpira. Akanika bwanji zilembo zisanu ndi chimodzi? Ndiponso kudulako sikuthetsa vuto, kumangopitiriza chisokonezo m'banja limene lili kale ndi makalembedwe atatu. Chimene chinazunza bambo anga sichinali kuvuta kwa dzina, chinali kusiyana kwa mapepala.

Tsono tsiku lopita naye ku sikelo ndinalemba pa pepala ndi zilembo zazikulu: MWANSA THOKOZANI NJOBVU. Namwino atalemba pa khadi ndinapempha kuti ndione, ndipo ndinawerenga chilembo chilichonse, h wa Thokozani ndi b wa Njobvu. Anthu pa mzere anang'ung'udza. Ndinawapepesa, koma sindinasunthe mpaka nditakhutira. Ndidzachitanso chimodzimodzi pa satifiketi ya kubadwa, imene lamulo la dziko lino la mu 1973 limafuna kuti mwana aliyense akhale nayo, ngakhale ambiri timaiiwala mpaka tsiku limene yafunika.

Dzina limene lalowa pa khadi la ku sikelo ndilo limapita ku sukulu. Limene lalembedwa pa mayeso a Giredi 7 limatsatira mwana mpaka Giredi 12. Akakwanitsa zaka 16 amakatenga reji, ndipo reji ndiyo imatsegula akaunti ku banki, kulembetsa simu khadi, kutenga pasipoti ndi kulowa m'buku la penshoni la NAPSA. Chilembo chikasochera poyamba, kuchibweza kumafuna malumbiro, ndalama ndi maulendo a ku khoti.

Inu makolo anzanga a ku Kopala, kaya ndinu a Nkhoma, a Ng'andu kapena a Mphande, musachite manyazi kuimitsa mzere. Lembani dzina la mwana pa pepala musanachoke kunyumba, ndipo musachoke pa kauntala musanaone ndi maso anu zimene zalembedwa.