Yakobo anathawa ndi ndodo yokha

Pali ulaliki wina umene wafala m'matauni athu a Blantyre, ndipo ukundisowetsa mtendere. Paguwa sumveka kawirikawiri. Umamveka m'minibasi ya ku Machinjiri, ndiponso pasiwa, abambo akamaotha moto usiku kudikira kuti kuche. Ulalikiwo umati Yakobo anachenjera, anatenga madalitso a mkulu wake, ndipo Mulungu anamukondabe. Tsono munthu akasintha dzina pa mapepala a poloti ya makolo abale ake osadziwa, amadzitonthoza kuti madalitso sapita kwa ogona. Lamulungu likafika amaimirira kutsogolo kwa mpingo, baibulo m'manja, n'kuchitira umboni kuti Ambuye amutsegulira makomo, anthu n'kuwomba m'manja.

Amene amalankhula chonchi nkhani ya Yakobo anaiwerenga theka. Amaima pa Genesis 27, pamene Rebeka waphika tiana ta mbuzi, waveka Yakobo zovala za Esau, wamukulunga zikopa m'manja ndi m'khosi, ndipo Isake, maso atachita khungu, wadalitsa mwana amene sanamufune. Apo amatseka bukulo. Akanatsegula masamba otsatirawo akanaona kuti chinyengo chija sichinamupatse Yakobo mbuzi ngakhale imodzi ya bambo ake. Esau anakonza zomupha, ndipo Yakobo anathawira ku Harani kwa amalume ake a Labani. Iye mwini, pobwerera patatha zaka 20, anavomereza m'pemphero kuti pamene ankawoloka Yorodano analibe kanthu koma ndodo. Amene anatsala pamudzi, pafupi ndi ziweto ndi mahema a Isake, anali Esau yemwe uja wonyengedwa. Rebeka, amene anaganiza kuti mwana wake akakhala kwa amalume masiku owerengeka, sitimvanso kuti anaonana naye.

Ndipo kwa amalumeko anakakumana ndi mnzake pa ukathyali. Anagwira ntchito zaka 7 kuti akwatire Rakele, kutacha n'kupeza kuti mumdima am'patsa Leya. Iye amene ananamiza bambo osaona ananamizidwa usiku, maso akewo osamuthandiza. Anagwiranso zaka zina 7. Malipiro ake anasinthidwa kakhumi. Atakalamba, ana ake omwe anamubweretsera mkanjo wa Yosefe ataunyika m'magazi a mbuzi, iye n'kulira mwana wamoyo zaka zambirimbiri. Bodza limene linalowa m'banjamo pa mbale ya nyama linayenda mibadwo itatu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti zonsezi zinali zosafunika. Esau ndi Yakobo asanabadwe, Mulungu anali atamuuza kale Rebeka kuti wamkulu adzatumikira wamng'ono. Lonjezo linalipo. Rebeka ndi mwana wake anaona ngati Mulungu akuchedwa, kapena kuti Isake amulepheretsa, ndiye anaganiza zomuthandiza ndi bodza. Akulu athu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako ndi kumene kunawakanika. Mulungu anasunga lonjezo lake chifukwa ndi wokhulupirika, ndipo Yakobo analipira mtengo wa bodza lake mpaka tambala yomaliza. Ziwirizi tisazisakanize.

Tibwere kwathu kuno. Amene anakulira ku Ndirande, kaya ku Goliyo kaya ku Makata, akuidziwa poloti imene ndikunena. Kutsogolo kuli nyumba yaikulu ya malata a dzimbiri imene bambo anamanga akugwira ntchito m'mafakitale. Kuseri kuli mdadada wa zipinda zinayi za lendi, mpope umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Lendi ya zipindazo ndiyo imagula chimanga, ndiyo imalipira fizi ya mwana wa ku sekondale. Mapepala a poloti amakhala m'pulasitiki, pansi pa zovala, m'sutikesi ya kunsi kwa bedi. Tsiku limene bambo atsamira mkono, amayi a chigwirizano akuimba m'nyumba, namfedwa ali pamphasa mutu uli pansi, pamakhala wina amene walowa kale kuchipinda. Pofika tsiku lokhala pansi kukamba za katundu, sutikesi ilipo koma pulasitiki mulibe. Mwezi usanathe, alendi auzidwa kuti ndalama azipereka kwa munthu wina.

Palinso chinyengo china chimene chabwera ndi maulendo a ku Joni. Mnyamata wa ku Bangwe amachoka, amakagwira ntchito m'sitolo kapena m'munda wa maluwa ku Johannesburg, amagona anthu asanu chipinda chimodzi kuti asunge ndalama. Mwezi ndi mwezi amatumiza kwa achimwene ake kuti agule malo ku Machinjiri, aumbitse njerwa, agule simenti. Pa WhatsApp zithunzi zimabwera: maziko, kenako mawindo, kenako denga. Tsiku lobwera kumudzi amapeza kuti nyumba ilipodi, koma kalata ya kwa amfumu ili m'dzina la achimwene. Nthawi zina amapeza kuti zithunzi zija zinali za nyumba ya eni ake. Achimwenewo ndi mkulu wa mpingo, chakhumi salephera.

Vuto limeneli si lachilendo, ndipo dziko lathu linalimbana nalo. M'zaka za m'ma 1990, Edzi ikutenga abambo ndi amayi a misinkhu yogwira ntchito, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, kulanda katundu wa amasiye kunafika poipa. Lamulo lakale la 1967 linkathandizira mosadziwa. Munthu wa mbali zachikamwini ngati kuno ku Blantyre akamwalira osasiya wilo, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri okha mwa asanu, otsalawo n'kupita kwa olowa chuma malinga ndi mwambo. Abale ambiri sankawerengera n'komwe magawowo, ankangobwera ndi lole. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, mu ndime 24, anatchula poyera kulanda amayi katundu, kuphatikizapo wamasiye, ngati mchitidwe woyenera kuthetsedwa. Bungwe lomenyera ufulu wa amayi la WLSA, ndi amayi monga Seodi White, linalankhula zaka zambiri mosatopa. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loona za chuma chamasiye. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo. Limati katundu wa m'nyumba akhale ndi namfedwa. Silisiyanitsa mwana wa m'banja ndi mwana wobadwira kunja. Ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu umene munthu akhoza kupita nawo kundende.

Lamulo lilipo, ofesi ya Administrator General ilipo, kwa DC kulipo, a Legal Aid Bureau alipo othandiza amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support. Komabe milandu yambiri sifika kumeneko. Mayi wamasiye amaopa kulodzedwa. Mlongo wamng'ono amauzidwa kuti kutengera mbale wako kukhoti n'kuwononga mtundu. Ena amauzidwa kuti angosiyira Mulungu. Mawu omalizawa ndi amene ndikufuna tiwaganizire bwino, chifukwa kawirikawiri amachokera pakamwa pa amene wadya. Kudalira Mulungu ndi lamulo kwa wofuna kutenga, kuti abweze dzanja lake ndi kudikira. Sichida chotsekera pakamwa wolandidwa. M'buku la Numeri, ana aakazi asanu a Zelofehadi, bambo awo atamwalira osasiya mwana wamwamuna, anapita kwa Mose pamaso pa msonkhano wonse kukapempha cholowa chawo, ndipo Mulungu anati akunena zoona. Mayi wa ku Chilomoni amene wapita kukadandaula kuti alamu ake amutulutsa m'nyumba sanachimwe.

Makolo nafenso tili ndi mlandu pa nkhaniyi. Nkhondo ya Esau ndi Yakobo inayambira pa tsankho la Isake ndi Rebeka. Bambo ankakonda mlenje chifukwa cha nyama, mayi ankakonda wokhala pakhomo. M'nyumba zathu zilinso chimodzimodzi. Mwana amene ali pantchito yabwino m'tauni, amene amabwera ndi shuga ndi mafuta ophikira mwezi ukatha, ndiye amauzidwa pamene pali mapepala. Mtsikana amene anasiya geni yake kuti azisambitsa mayi odwala, amene anagona pansi m'chipatala masabata ambiri, sauzidwa kanthu. Bambo amanong'oneza mwana uyu kuti nyumbayi ndi yako, mayi n'kunong'oneza wina mawu omwewo. Onse akapita, ana awiri aliyense ali ndi lonjezo lake, ndipo palibe mboni.

Ambiri timaopa kulemba wilo poganiza kuti n'kudziitanira imfa. Akhristu sitiyenera kukhala ndi mantha amenewa, pakuti tsiku lathu lili m'manja mwa Mulungu, kaya talemba kaya sitinalembe. Mneneri Yesaya anauza mfumu Hezekiya kuti akonze za pabanja pake, ndipo mfumuyo inakhalanso ndi moyo zaka 15. Wilo safuna chuma chambiri. Afuna pepala, siginecha yanu, ndi mboni ziwiri zimene sizikulandira kanthu m'wilomo. Choposa pepalalo ndi kuitana ana onse, pamodzi ndi mwinimbumba, mudakali ndi mphamvu, n'kunena mawu amodzi onse akumva. Ngati kuli mwana wina kunja, mutchuleni lero. Asadzaonekere kumanda, ana anzake n'kumuyesa wakuba.

Mipingo yathu nayo idzifunse. Tazolowera kuyeza madalitso ndi zooneka: galimoto, nyumba ya mpanda, sitolo ku Limbe. Anthu amakwera phiri la Soche ndi la Ndirande kukasala kudya, kupempha kuti zitseko zitseguke, ndipo kupemphera sikolakwa. Koma ndi kangati pamene mkulu wa mpingo, atamva umboni wa nyumba yatsopano, amamutengera munthuyo pambali n'kumufunsa kuti, kodi achemwali anu amasiye aja akugona kuti? M'milaga ndi m'miphakati timadziwana. Timadziwa amene anagulitsa poloti ya makolo mwakabisira. Timakhala chete chifukwa ndi amene anapereka matumba a simenti pomanga tchalitchi. Yesu anaphunzitsa kuti munthu akafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho, ayambe wakayanjana ndi mbaleyo. Mpingo umene ukulandira simentiyo osafunsa kanthu ukuthandiza kuphimba bala limene likununkha.

Palinso aneneri amene, munthu akawauza kuti geni sikuyenda, amathamangira kunena kuti pali wachibale amene anakuberani nyenyezi. Munthu amachoka kumapemphero akudana ndi azakhali ake okalamba amene sanamulakwire kanthu. Chodabwitsa n'chakuti kuba kwenikweni, kwa makiyi ndi mapepala, kumene aliyense pamalopo akukuona, sikutchulidwa m'maulosi amenewa.

Mbali ya nkhani ya Yakobo imene ndimaikonda ndi ya pa mtsinje wa Yaboki. Akubwerera kwawo, anamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400. Nzeru zake zonse zinathera pomwepo. Anatsala yekha usiku, analimbana ndi Mulungu mpaka m'bandakucha, ndipo atafunsidwa dzina anatchula lake lenileni, iye amene pamaso pa bambo ake anadzitcha Esau. Madalitso amene analandira usiku umenewo sanawabe kwa munthu, ndipo anachoka akutsimphina. Asanakumane ndi mkulu wake anatsogoza ziweto zoposa 500, mbuzi, nkhosa, ngamira, ng'ombe ndi abulu. Anagwada kasanu ndi kawiri. Esau ananena kuti ali nazo zokwanira, koma Yakobo anamuumiriza mpaka analandira. Kulapa kwake kunali ndi miyendo inayi, kunkaoneka ndi maso. Ambiri a ife timafuna kuti mbale atikhululukire pamene lendi ya zipinda zija ikulowabe m'thumba mwathu.

Esau naye tisamuiwale. Anali ndi chifukwa chokwiyira, anali ndi anthu okwanira kubwezera, koma anathamanga n'kukumbatira mng'ono wake. Pamene Isake anamwalira, ana awiriwa anaika maliro a bambo awo limodzi. Chibale ndi fupa, sichiola, koma pa ziwirizi chinayamba ndi kubweza, kukumbatirana kunabwera pambuyo.

Tsono inu achimwene, inu atsibweni, inu alamu amene pulasitiki ija ili m'nyumba mwanu, musadikire kuti samani ya kukhoti ikupezeni kapena kuti mudzakumane ndi abale anu pamaliro ena. Itanani mwinimbumba ndi mkulu wa mpingo sabata ino, muike mapepalawo pamphasa onse akuona, ndipo muwerengere lendi imene mwadya.