Mavoti athu si mbuzi za mtsogoleri

Ife a kuno ku Angónia timamva za ku Malawi tsiku ndi tsiku. Wailesi yawo imamveka m'nyumba zathu. Mbatatesi zathu timakagulitsa pa Lizulu ndi pa Dedza. Tsono tiyeni tiwerenge pamodzi nkhani ya a Atupele Muluzi.

M'caka ca 2014 ku Malawi kunali cisankho. A Atupele, mwana wa Pulezidenti wakale a Bakili Muluzi, anaimira cipani ca UDF. Anali ndi zaka 35 zokha. Analonjeza kusintha zinthu, ndipo acinyamata ankathamangira ku misonkhano yawo. Sanapambane, anakhala acinayi. Komabe anthu oposa 700,000 anawavotera. Pa ovota 100 alionse, pafupifupi 14 anasankha iwo.

Mwezi wotsatira, a Peter Mutharika, amene anapambana, anawaitana kuti akhale nduna. Iwo anavomera. Anayamba ndi unduna wa zacilengedwe, magetsi ndi migodi. Kenaka anayang'anira za m'dziko, za malo, ndi za umoyo. Anakhala m'boma pafupifupi zaka 5.

Alipo ena amene amati anacita bwino. Akuti uku ndiko kumanga dziko. Akuti munthu akakhala m'kati amatha kukokera mjigo ndi cipatala kwawo. Ife tikukana.

Taganizani za mayi wa ku Machinga amene anaima pa mzere kuyambira m'mamawa. Pa pepala lovotera analiona dzina la a Mutharika. Analidumpha dala, nasankha lina. Ndani anamufunsa mayi ameneyu pamene voti yake inanyamulidwa kupita kwa munthu amene iye anamukana? Palibe. Mavoti si mbuzi zoti mtsogoleri akasinthanitse ndi galimoto ndi nyumba ya boma. Eni ake ndi anthu. Ndipo za mjigozo tisanamizidwe nazo. Madzi ndi mankhwala zimagulidwa ndi msonkho wa tonse. Siziyenera kudikira kuti mwana wa kwathu ayambe wakhala nduna.

Ngati nkhani ndi yolangiza boma, njira ina ilipo. Kuno ku Mozambique, lamulo lalikulu la dziko limapatsa waciwiri pa cisankho mpando mu Conselho de Estado, bungwe lolangiza Pulezidenti. Mpando umenewo amaupeza ndi mavoti. Unduna ndi wina. Wokupatsa ndi munthu mmodzi, ndipo angakulande tsiku lililonse.

Cina n'cakuti nduna siingadzudzule boma. Mu 2016 ku Malawi kunagwa njala. Magetsi nawo ankangozimazima. Wolonjeza kusintha zinthu uja anali pa tebulo la olamulira, sakanatha kuwaloza cala. Aphungu a UDF m'Nyumba ya Malamulo anasamukira mbali ya boma mu 2015. A Lucius Banda, woimba uja, anakana kusamuka.

Nanga cinatsatira n'ciani? Mu 2019 a Atupele anaimanso, kupikisana ndi a Mutharika omwe aja. Akanawauza ciani anthu? Akati boma lalephera, anthu ati inunso munali momwemo. Akati boma lacita bwino, anthu ati tsono tivotere mwini wake. Mapanga awiri avumbwitsa. Anapeza mavoti pafupifupi 235,000. Tengani coko, mucotse 235,000 pa 700,000, muone anthu amene anawathawa. Mpando wawo wa uphungu ku Machinga North East unapitanso. Mu 2020 anaima ngati waciwiri wa a Mutharika, nagonja limodzi. Mu 2025 anayesanso paokha, ndipo sanakwanitse ngakhale mavoti 2 pa 100.

Sitikunena kuti zipani zisamagwirizane. A Saulos Chilima anagonja mu 2019. Khoti litafafaniza cisankho cimeneco, iwo anagwirizana ndi a Lazarus Chakwera poyera, anthu asanavote mu 2020. Aliyense anapita kukavota akudziwa cimene akusankha. Kumeneku n'kosiyana ndi kugwirizana mavoti atawerengedwa kale.

A Atupele sanali oyamba kuyenda njira imeneyi. A Chakufwa Chihana anali munthu wolimba mtima. Anamangidwa mu 1992 cifukwa cofuna ulamuliro wa zipani zambiri. Mu 1994 anagonja pa cisankho, koma cipani cawo ca AFORD cinapeza aphungu 36. Caka comweco analowa m'boma la a Bakili Muluzi. Anatuluka mu 1996, nabwereranso mu 2003. Pa cisankho ca 2004, aphungu a AFORD anatsala 6.

A Gwanda Chakuamba nawo anagonja kawiri, mu 1999 ndi mu 2004. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika anawapatsa unduna wa zaulimi. Caka cisanathe, mwini mpando anautenga.