Wapaulendo Wogona M'galimoto Si Vakabu

M'maiko a kutsidya kwa nyanja muli anthu ambiri amene amayenda ndi nyumba zawo. Ena amakoka karavani kumbuyo kwa galimoto, ena galimoto yeniyeniyo ili ndi kama, mbaula ndi thanki ya madzi m'kati mwake, kotero kuti dzuwa likawalowera amangopatuka pamseu nagona, osalipira kanthu kwa munthu aliyense. Kwa zaka zambiri maboma a kumeneko sanali kuwalabadira anthu otere, koma tsopano zinthu zatembenuka.

Dziko la Portugal, m'mwezi wa Januwale 2021, linaletsa kugona m'galimoto zotere pamalo alionse osavomerezedwa. Madandaulo atachuluka, linafewetsa lamulolo m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, nilola kuti munthu akhale maola 48 m'dera la khonsolo imodzi, kupatula malo otetezedwa. Ku New Zealand, kumene kuli lamulo la kugona kwaulere la 2011, anawonjeza mu 2023 kuti galimoto ikafuna chiphaso chogonera m'malo a khonsolo, iyenera kukhala ndi chimbudzi chomangirira m'kati. Koma amene anafika nalo patali ndi a ku England ndi Wales, pakuti lamulo lawo la 2022 linati munthu wokhala m'galimoto pamalo a eni, akamuona kuti akuwononga kapena kusowetsa mtendere, ndipo akakana kuchoka atauzidwa, angathe kukhala m'ndende miyezi itatu, kulipira mapaundi 2,500, ndiponso kulandidwa galimoto imene ili nyumba yake.

Owerenga athu adzafunsa kuti nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuno kwa Njombwa. Nzoona kuti karavani timaiona mwa kamodzikamodzi, ikamadutsa pamseu wa M1 kulowera ku nkhalango ya Kasungu kapena kumpoto. Koma munthu wogona m'galimoto ndiye timamudziwa bwino lomwe. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo, malole odzaza mabelo amatuluka m'midzi ndi m'maesiteti kulinga ku okushoni ya Chinkhoma, ena mpaka ku Kanengo, ndipo akapeza mzere amaima. Dalaivala amagona pampando wake, wothandizira amayala chiguduli pansi pa lole, ndipo mwini fodya nayenso safuna kupita patali, pakuti thukuta lake la chaka chathunthu lili pansi pa lona ameneyo. Anthuwa sagona panja chifukwa chokonda kuona nyenyezi m'chisanu cha Juni ndi Julayi ayi. Ndalama ya resitihausi alibe, popeza fodyayo sanagulidwe, ndiponso katundu wa mtengo wotere sasiyidwa yekha usiku.

Tsono chimene tiopa ife nchakuti malamulo nawonso amayenda ulendo, ndipo akafika kuno amaluma munthu wina, osati amene anamulembera. Taonani za lamulo lija la vakabu. Muzu wake uli ku Mangalande, kumene mu 1824, nkhondo za Napoleon zitatha, asilikali ochotsedwa ntchito ndi amphawi ena anali mbwee m'miseu, ndipo boma la kumeneko linaona kuti njira yapafupi ndiyo kusandutsa kugona panja kukhala mlandu. Atsamunda anadza nawo maganizo amenewo, nawalowetsa m'buku la malamulo a milandu la Nyasaland, limene linayamba kugwira ntchito mu 1930. Chigawo 184(1)(c) cha bukulo chinati munthu wopezeka pamseu, pafupi ndi nyumba kapena pamalo alionse a anthu onse, panthawi ndi m'njira yochititsa wina kuganiza kuti ali ndi cholinga choipa, ameneyo ndi vakabu. Sipanafunike kuti abe, kapena kuti amenye munthu. Kungopezeka basi. Ndani sadziwa kuti amene anali kugwidwa ndi lamulo limeneli sanali a nsapato zonyezimira?

Mu 2015 bambo Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo mumzinda wa Blantyre, anagwidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake ku Limbe. Iwo anakana kungoweramitsa mutu, napita ndi nkhaniyo ku Khoti Lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti chigawo chimenecho chikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Koma chizolowezi sichifa tsiku limodzi ndi lamulo. Mu 2018, pa Kasungu pathu pompa, anthu anasesedwa usiku natsekeredwa osauzidwa cholakwa chawo. Atatu a iwo anakasuma, ndipo mu 2022 woweruza Zione Ntaba anagamula kuti kusesa anthu kotere nkosaloledwa, nalamula kuti chigawo chonse cha 184 chiunikidwenso pasanathe miyezi 24. Pakati pa zigamulo ziwirizi, pa 4 Disembala 2020, Khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Arusha, linanenanso kuti malamulo a vakabu ndi osayenera m'maiko onse a mu Africa.

Pamene khomo lakumaso latsekedwa chotere, tiyenera kulondera khomo lakuseri. Makhonsolo ali ndi mphamvu yopanga malamulo awo ang'onoang'ono, ndipo nkosavuta kuti tsiku lina munthu wina wophunzira, atawerenga za ku Portugal kapena ku England, adzaimirire pamsonkhano nanena kuti kugona m'galimoto pambali pa mseu kuletsedwe, kuti dera lathu lioneke laukhondo ndi lotukuka. Mawuwo adzamveka okoma, ndipo manja adzaombedwa. Koma mzungu wa karavani adzangolipira chindapusa napitirira ulendo wake, pamene mlimi wa ku Bua adzagona m'chitolokosi fodya wake ali pamzere.

Sitikunena kuti odandaula alibe mfundo. Pamene pagona anthu makumi angapo popanda chimbudzi, patchire lapafupi pamasanduka ponyansa, ndipo mvula ikagwa zonsezo zimatsikira m'dambo momwe amayi atunga madzi. Mtundu umene unataya anthu oposa 1,700 ndi kolera wa 2022 ndi 2023 sungathe kuseka nkhani ya chimbudzi. Lole yoima m'mphepete mwa phula usiku, yopanda nyali, yongoikidwa masamba kumbuyo, yapha kale anthu ambiri pa M1. Makolo nawonso ali ndi nkhawa yoyenera pa ana awo aakazi, pamene amuna achilendo achuluka pamalo a malonda ndalama za fodya zikuyenda. Ndipo kufupi ndi nkhalango, kumene kunabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, mlendo wofuna kumanga msasa paliponse ayenera kuletsedwa ndithu, pofuna kusunga moyo wake womwe.

Komatu m'zodandaula zonsezi mulibe chimodzi chimene chikunena kuti tulo ndi mlandu. Vuto ndi malo. Ngakhale a ku New Zealand aja, pamene anakhwimitsa lamulo, chimene anafunsa ndi chimbudzi. Sanati munthu asagone. Lamulo lingathe kumuchotsa dalaivala pamene waima, koma silingathe kumuchotsera tulo m'maso. Mukamuthamangitsa pa Chinkhoma pakati pa usiku, tuloto tidzamupeza ali pachiwongolero cha lole ya matani makumi atatu, ndipo amene adzalipira ndi wanjinga wolawirira ku chigayo.

Makolo athu anali nayo nzeru pa nkhani imeneyi. Wapaulendo dzuwa likamulowera sanali kubisala patchire. Anali kufunsa kwa mfumu, nanena dzina lake, kumene achokera ndi kumene apita, ndipo mfumu inali kumuonetsa pogona, kaya ku mphala kaya pakhonde, nimpatsa madzi ndi kansima. Ankati mlendo ndi mame. Mwambo umenewu unali ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndiyo imaiwalika: mlendo anali kutetezedwa, komanso mudzi unali kudziwa amene wagona m'kati mwake. Wakuba ndiye anali kuopa kukaonekera kwa mfumu. Boma nalonso linatsata nzeru yomweyo pamene linalola zitando pazipatala, podziwa kuti wodwazika matenda sangabwerere kumudzi madzulo alionse, ndipo palibe amene anaganizapo zomutcha vakabu.

Motero pempho lathu kwa Khonsolo ya Kasungu, kwa a Gogo Chalo Njombwa ndi mafumu awo, kwa oyendetsa okushoni ndi kwa a Tobacco Commission ndi ili: patulani malo, kutali pang'ono ndi phula, pamene lole, basi yofera panjira, ngolo ndi karavani yomwe zingaime usiku. Pakhale zimbudzi za amuna ndi za amayi, mjigo, dzenje la zinyalala, nyali ndi mlonda wolemba nambala ya galimoto iliyonse m'buku. Kugona pamenepo kukhale kwaulere, pakuti mukaika mtengo, wosauka adzabwerera kumseu komwe mukumuchotsako. Za ndalama zomangira tisanamizane kuti nzosowa. Pa belo lililonse logulidwa pamadulidwa ndalama zamitundumitundu mlimi asanaone yake, ndipo sitiona chifukwa chake kagawo kakang'ono ka zimenezo sikangamumangire chimbudzi pamene iye amadikirira.

A maresitihausi asaope kuti malonda awathera. Munthu amene ali ndi ndalama m'thumba sasankha kugona pansi pa lole, ndipo mlendo wa karavani, ngakhale salipira chipinda, m'mawa amagula tomato, mazira, nthochi ndi mafuta a galimoto, ndalama imene imalowa m'manja mwa amayi a pamsika mosadzera ku Lilongwe. Malo otere atakhazikitsidwa, pamenepo Khonsolo ingathe kulemba lamulo lakuti woima pamlatho, pokhota kapena pakhomo la sukulu asunthe akagone pamalo ake, ndipo wapolisi adzakhala ndi poloza chala m'malo motulutsa unyolo. Ntchito imeneyi iyenera kuyamba fodya akali ku nazale, kuti pofika Epulo zimbudzi zikhale zitafoleredwa.