Khwekhwelere asamanamiziridwe

Galimoto ikaima pakati pa chitunda cha Khwekhwelere, pamsewu wochokera ku Golomoti kukwera ku Masasa, nthunzi ili tolotolo, mlandu umagwera phiri. Dalaivala amati chitunda chakula, kondakitala n'kuthamangira kumjigo ndi chigubu. Madzi akathiridwa, ulendo umapitirira, koma pofika pa Bembeke kapena pa Linthipe injini yawiranso.

N'zoona kuti Dedza ndi dziko lovuta kwa injini. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Pamtunda wotere madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri 95, osati 100. Komabe magalimoto ambirimbiri amakwera mapiriwa tsiku ndi tsiku, atasenza mbatatesi ndi kabichi, osawira. Ina mwa iyo yowirayo imakhala kuti yanyamula mdani m'mimba mwake momwemo: mpweya wotsalira m'njira za madzi.

Mpweyawu umalowa pomwe makaniko wasintha paipi, pampu ya madzi kapena rediyeta, kenaka n'kukhuthuliramo madzi mwaphuma. Pakamwa pa rediyeta pamaoneka podzaza, koma m'kati mwatsala matumba a mpweya, makamaka kumutu kwa injini, komwenso ndiye kotentha koposa. Mpweya sunyamula kutentha monga achitira madzi, choncho chitsulo cha pamenepo chimapsa chokhachokha. Choipa china n'choti kachipangizo koyeza kutentha kakakhala mumpweya, geji imatha kunama kapena kumangokwera ndi kutsika. Dalaivala amadzadzidzimuka gasiketi itapsa kale, mwinanso hedi itapindika.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kuchotsa mpweyawo sikulira sipeya aliyense. Injini iyambe yazizira, chifukwa kutsekula rediyeta yotentha kwasupula anthu ambiri manja ndi nkhope. Galimoto iimikidwe pokwera, mphuno itayang'ana kumtunda, matayala atatchingidwa ndi miyala, kuti pakamwa pa rediyeta pakhale pamwamba pa zonse. Kumeneko ndi komwe mpweya umathawira. Apa anthu a ku Dedza ndi amwayi, chifukwa chitunda chomwe a m'chigwa amachita kufunira jeke iwo ali nacho pakhomo. Madzi athiridwe pang'onopang'ono, hita itsekulidwe mpaka kumapeto, injini ilizidwe chitsekerero chili chochotsa. Ikafunda, thermostat imatseguka, madzi amatsika ndipo thovu limayamba kutuluka. Makaniko azifinya paipi yam'mwamba, aziwonjezera madzi mpaka thovulo litatha, kenaka atseke ndi kudzaza kabotolo ka pambali kufika pamzere wake. Injini zina zili ndi kabawuti kake kotulutsira mpweya. Mawa lake m'mamawa ayang'anenso.

Thovu likakana kutha, nkhani yasintha. Kawirikawiri ndiye kuti utsi wa m'injini ukulowa m'madzi kudzera pa gasiketi, ndipo galimoto yotere siyenera kuyandikira Khwekhwelere itanyamula anthu.

Ntchito yonseyi ndi ya theka la ola. Nanga imalumphidwa bwanji? Amakaniko ali ndi mbali yawo, koma eni minibasi asadziyeretse. Iwo amafuna ndalama ya tsiku ikwane zivute zitani, ndiye dalaivala amaima pagalaja injini ikulira kale, akuwerenga anthu omwe anzake akumulanda pasiteji. Makaniko wofuna kudikira thovu amaoneka ngati wozengereza. Kuthamanga sikufika, koma mwambiwu sumveka pomwe bwana akuimba foni.

Ndiye pali chizolowezi china chofala m'magalaja a pansi pa mtengo: injini ikawira, amachotsa thermostat n'kuitaya, amati imeneyo ndi ya kumaiko ozizira. Wonena zimenezi sadagonepo ku Dedza mu June kapena July. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga, pomwe mpweya womwe udayambitsa vutolo uli momwemo. Chimodzimodzi chitsekerero cha rediyeta chotha labala, chomwe ena amangochimanga ndi pulasitiki. Chitsekerero chabwino chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120, ndipo injini ikamazizira chimalola madzi a m'kabotolo kubwerera. Chikatha mphamvu, chimayamwa mpweya usiku uliwonse. Madzi a pamjigo okhaokha, opanda coolant, amawonjezerapo dzimbiri.

Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limaphunzitsa achinyamata zaumakaniko, koma ambiri okonza galimoto m'mbali mwa msewu wa M1 adaphunzirira pantchito, kwa abwana omwenso adaphunzira choncho. Maphunziro afupiafupi opita kwa iwowa m'magalaja mwawo angapulumutse injini zambiri. Ndipo mwini galimoto amene walipira paipi yatsopano ali ndi ufulu wofunsa ngati mpweya wachotsedwa, n'kuima pomwepo mpaka ataona yekha thovu lomaliza.