ZA MASEWERA: KUTHAMANGA SIKUFIKA

Nyengo yokolola ikatha, cimanga cili m'nkhokwe ndiponso thonje litapita ku msika, mabwalo a masukulu a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amadzala ndi anthu pa Ciweru masana. Pa bwalo lililonse pamakhala mnyamata mmodzi amene dzina lake lili pakamwa pa onse: uja wothamanga m'mbali mwa bwalo, amene akangolandira mpira amasiya anzake m'fumbi, azimai nayamba nthungululu. Masewera akatha, akuluakulu amagwedeza mitu nanena kuti mwana ameneyu malo ake ndi ku Zanaco, ku Nkana kapena ku Power Dynamos. Zaka zimapita, mnyamatayo amakula nakwatira, ndipo ku Lusaka kapena ku Migodi sanapondeko. Ena amati anamulodza, ena amati analibe womulankhulira. Koma kawirikawiri cifukwa cake ndi cakuti cimene gulu la anthu limaombera m'manja si cimene matimu akulu amagula.

Dziko limene linaika nzeru zambiri pa nchito yoyesa anyamata othamanga ndi la United States. Kumeneko kuli mpira wa mtundu wina, wooneka ngati dzira, umene amaunyamula m'manja. Wosewera amene amapatsidwa mpirawo kuti athamange nao kupyola pakati pa adani amuchula kuti running back. Osewera amakulira m'matimu a makoleji, ndipo mwezi wa April caka ciliconse matimu 32 a bungwe la NFL amakhala pamodzi ndi kusankha anyamatawo mosinthana, ulendo kasanu ndi kawiri, timu imene inathera pansi ndiyo iyamba. Tsiku losankha lisanafike, anyamata amaitanidwa ku mzinda wa Indianapolis kumene amapimidwa thupi ndi madokotala, nafunsidwa mafunso, nathamangitsidwa mtunda wa mayadi 40, ndiwo mamita 36 ndi theka.

Ngakhale pali zoyesera zonsezi, osankha amaphonyabe. M'caka ca 2012 timu ya Cleveland Browns inatenga Trent Richardson wa ku koleji ya Alabama pa malo acitatu m'dziko lonse. Caka cotsatira inampereka ku timu yina, ndipo anasewera m'bungwelo zaka zitatu cabe. Koma Terrell Davis, amene Denver Broncos inamtenga mocedwa pa ulendo wacisanu ndi cimodzi m'caka ca 1995, anzake oposa 190 atasankhidwa kale, ndiye anathandiza timu yake kutenga cikho cacikulu kawiri motsatizana, nasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'caka ca 1998.

Zolakwa zotere zinaphunzitsa osankha kuyang'ana zimene wochi yoyesera liwiro siingaonetse. Amafuna kudziwa ngati mnyamatayo amaona mpata usanatseguke; ngati amaimabe cilili atagundidwa; ngati mpira sumpulumuka m'manja; ngati amalola kuchinjiriza mnzake pamene mpira suli wake. Amafunsanso kuti anali kusewera ndi matimu otani, pakuti kupambana ofooka sikuonetsa mphamvu, ndiponso kuti maondo ake agundidwa kangati, popeza nchito ya othamanga ndi mpira imatha thupi msanga. Davis yemweyo anavulala bondo m'caka ca 1999 ndipo sanabwererenso pa mphamvu zake zakale.

Mpira wa miyendo ndi wosiyana, koma mafunso a munthu wofunafuna osewera ndi omwewo. Iye akaima m'mbali mwa bwalo ku Katete Secondary kapena ku Chassa, maso ake satsata mpira monga amacitira anthu ena onse. Amayang'ana mnyamatayo pamene mpira uli kutali: kodi amaceuka kuona kumene kuli anzake mpira usanamfike, kapena amaweramitsa mutu ndi kuthamanga cabe? Amaona m'mene amaulandirira, pakuti wosewera amene mpira umamthawa pa phazi amataya mapazi awiri amene liwiro lake linampatsa. Amaona ngati mwendo wamanzere umagwira nchito kapena ndi wongoimira. Amaona cimene amacita akalandidwa mpira, kubwerera kukauthamangira kapena kuima ndi manja m'cuuno. Ndipo amadikira mphindi khumi zomaliza, pamene miyendo yalema ndi timu yagonja, cifukwa pamenepo ndi pamene mtima wa wosewera umaonekera.

Cigawo ca Kum'mawa cili ndi citsanzo cake. Fashion Sakala, amene anabadwa m'caka ca 1997 nakulira kumudzi m'dera la Chipata, anadziwika poyamba cifukwa ca liwiro. Koma njira yake inali ya makwerero: Nchanga Rangers, Zanaco, Spartak ku Moscow m'caka ca 2017, Oostende ku Belgium m'caka ca 2018, Rangers ya ku Glasgow m'caka ca 2021, ndipo Al-Fayha ku Saudi Arabia m'caka ca 2023. Pa khwerero lililonse anakumana ndi ochinga othamanga ngati iye mwini, ndipo anayenera kuonjezapo nzeru ya kusankha nthawi yothamangira ndi kumaliza bwino pa golo. Iye anali m'timu ya anyamata osapitirira zaka 20 imene inatenga cikho ca Africa mu Lusaka m'caka ca 2017 pogonjetsa Senegal 2-0, nifikanso pakati pa matimu asanu ndi atatu otsiriza pa cikho ca dziko lonse ku South Korea.

Luso likaoneka, pamatsala zinthu zitatu zimene sizili m'miyendo ya mwana koma m'manja mwa akulu. Coyamba ndi zaka. Mnyamata wa zaka 20 akasewera ndi ana a zaka 15 amaoneka ngati mkango, koma akapita pakati pa anzake amasanduka wamba. Kuyambira m'caka ca 2009 bungwe la FIFA limajambula mafupa a pa mfundo ya dzanja ya osewera osapitirira zaka 17 kuti ligwire onama. Mphunzitsi amene amacepetsa zaka za mnyamata kuti sukulu yake itenge cikho amamtsekera njira, ndiponso amalanda malo mwana weniweni amene akanakula nalo luso. Kadi la ku sikelo ndi cikalata ca kubadwa ndi cuma coyenera kusungidwa m'sutikesi monga makolo amasungira mapepala a munda.

Caciwiri ndi thanzi. Enock Mwepu, mnzake wa Sakala m'timu ya 2017 ija, anafika mpaka ku Brighton ku England, koma mu October 2022 analeka mpira ali ndi zaka 24 madokotala atapeza kuti ali ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo. Kupimako kunamlanda nchito koma kunapulumutsa moyo wake. Mnyamata amene amakomoka, kumva cizwezwe kapena kupweteka pa cifuwa pothamanga sayenera kuchedwa waulesi. Ayenera kutengedwa ku cipatala, monga ca St Francis ku Katete kapena ca Nyanje ku Sinda. Cimodzimodzinso bondo kapena kakolo wobinya, amene amangomangidwa ndi kansalu kuti mwana asewere Ciweru cotsatira, ndiye adzamkanitsa tsiku loyesedwa.

Cacitatu ndi kulembetsa. Malamulo a FIFA amanena kuti wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina, magawo asanu pa zana a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene anamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Koma ndalama zimenezi zimatsata mapepala. Timu ya kumudzi yosalembetsa ku FAZ, ngakhale inamdyetsa mwanayo ndi kumgulira nsapato zoyamba, siidzaona ngakhale ngwee imodzi. Malamulo omwewo amaletsa, kupatula pa zifukwa zocepa, kusamutsira ku dziko lina wosewera wosakwana zaka 18. Cotero munthu wobwera ndi galimoto nauza makolo kuti agulitse ng'ombe kuti mwana wa zaka 15 apite ku Ulaya ayenera kufunsidwa mapepala ake. Timu imene ikufunadi wosewera ndiyo imalipira, siilipiritsa makolo.

Mtunda nawonso ndi mdani. Katete ndi Sinda ali pa mseu waukulu wa Great East Road, koma Vubwi, amene anakhala boma payekha m'caka ca 2012 monga Sinda, ali m'malire a Malawi ndi Mozambique kumene ofunafuna osewera safikako kawirikawiri. Mwana wa kumeneko angaonedwe pokhapo ngati mipikisano ya masukulu icitika caka ndi caka mopanda cinyengo, ndipo opita ku Chipata kukaimira boma asankhidwa cifukwa ca luso, osati cifukwa ca cibale. Ndi bwinonso kuti mphunzitsi wa masewera akhale ndi kabuku kolembamo tsiku lobadwa la mwana aliyense, masewera amene wasewera, zigoli ndi zovulala zake, pakuti mlendo wobwera tsiku limodzi amakhulupirira zolembedwa koposa zokamba za pa bwalo.

Ku America mnyamata amene sanasankhidwe amakhala atalowako m'kalasi la ku koleji. Kwa mwana wa ku Kagoro kapena ku Chimtende amene wasiya sukulu pa Giredi 9 cifukwa ca nthungululu za pa Ciweru, matimu akamkana sipatsala kanthu. Osankhidwa ndi ocepa, ndipo ngakhale wosankhidwayo adzafunika kuwerenga yekha pangano limene akusaina. Makolo ndi aphunzitsi amuombere m'manja mwana wothamanga, pakuti liwiro ndi mphatso. Koma pa Lolemba m'mawa aonetsetse kuti wanyamula mabuku, ndipo madzulo ake aphunzire kuponya mpira ndi mwendo wamanzere.